MBATATA YA KACEWERE IKAKANIKA, FUNSANI MUNDA

Acikumbi anzanga, ambiri a ife tinakulira m'munda wa cimanga ndi wa fodya, ndipo mbeu ziwirizi tizidziwa monga munthu adziwa ana ace. Cimanga cikacita cikasu tidziwa kuti ciri ndi njala. Fodya akapinimbira tidziwa poyambira kufuna colakwa. Koma mbatata ya kacewere, imene ena amati mbatatesi, ndi mlendo kwa ambiri, makamaka kwa iwo okhala kutali ndi mapiri. Ndipo popeza nchito yace yaikuru icitika pansi pa nthaka pamene maso safika, ikakanika mwini munda angoima manja ali m'khosi, nati, "Ndi tsoka," kapena, "Nthaka yakana," kapenanso mau ena oipa koposa awa.

Mbeu siifa popanda cifukwa, ndipo cifukwaco cimasiya mapazi ace m'munda. M'nkhani ino ndifuna kukuonetsani kalondoledwe ka mapaziwo.

Mlandu wa munda wina

Tsiku lina, mwezi wa Januwale uli pafupi kutha, ndinaitanidwa ku mudzi wina wa kucidikha, kunsi kwa mapiri a Dedza. Mwini munda anali bambo wacikulire, mlimi wa fodya wodziwa nchito yace. Iye anatapa pa ndalama za fodya nagula matumba awiri a mbatata pamsika, nabzala ndi mvula yoyamba pa malo amene panali fodya caka cathaco, poganiza kuti fetereza wotsala m'nthaka adzamthandiza. Anayembekeza kukumba cimanga cisanakhwime, kuti ana apeze cakudya, ndi kuti yotsala agulitse alipire sukulu.

Titafika m'munda anati, "Alangizi, onani nokha. Theka silinamere konse, ndipo imene inamera irikufota ngati yathiridwa madzi otentha. Ine ndalima zaka zambiri, zotere sindinazione. Alipo munthu anayenda m'munda muno usiku." Ponena izi maso ace anali ku nyumba ya mlamu wace, amene anakangana naye za malire.

Ndinati, "Bambo, ngakhale kubwalo kwa amfumu mlandu saugamula mboni zisanalankhule. Mundibwereke khasu, mpeni, ndi tambula ya galasi yokhala ndi madzi oyera, kuti tifunse mboni."

Pamene ndinali kuphunzira nchito ya uphunzitsi anatiuza kuti mwana akalakwa masamu usafulumire kumnena kuti ndi mbuli, koma ulondole mzere uli wonse kufikira upeze pamene anayamba kusokera. Momwemonso ndi munda. Funso loyamba ndi lakuti, kodi mbeu inasokera pa nthawi iti? Mayankho alipo anai: siinamere, inamera koma siinakule, inakula koma inafota kapena kupserera, inakondwa masamba koma pansi panalibe kanthu. Yankho liri lonse liri ndi zifukwa zacezace.

1. Mbatata imene siinamere

Mbeu yabwino yobzalidwa m'nthaka yacinyezi imaturuka patapita masabata 2 kufikira 4. Ngati nthawi imeneyi yapita ndipo mapando ali cete, musangodikira. Fukulani bwinobwino mapando khumi m'mbali zosiyana za munda, muone cimene ciri pansi.

Mukaipeza yolimba, yosaola, yopanda mphukira, dziwani kuti mbeuyo iri m'tulo. Mbatata yongokumbidwa kumene siimera msanga. Imayamba yagona miyezi 2 kapena 3, monga mwa mtundu wace, ndipo pamenepo maso ace atseguka. Mbatata ya pamsika kawirikawiri imakhala yakumbidwa masiku omwewo, cifukwa wogula kuti adye afuna yatsopano. Yabwino kumphika siikhala yabwino kumunda. Mbeu yoyenera ndi imene yaturutsa kale mphukira zazifupi, zonenepa, zobiriwira, zosapitirira mutu wa cala. Mphukira zotere zimabwera mukayanika mbeu pa thandala m'nyumba yopita mphepo, yolowa kuwala koma yosalowa dzuwa. Mbeu yosungidwa m'thumba mumdima imaturutsa mphukira zazitali, zoyera, zofooka, zimene zithyoka pobzala.

Mukaipeza yoola, yonunkha, yophwanyika m'manja, funsani za madzi. Mbatata imapuma monga camoyo ciri conse, ndipo pa malo a lowe kapena pa makande osunga madzi imatsamwa ndi kuola m'masiku owerengeka. Imaolanso msanga ngati munaidula pobzala, cifukwa bala lace ndi khomo la matenda. Nkwabwino kubzala yathunthu, ya msinkhu wa dzira la nkhuku.

Mukapeza mphukira zakuda kunsonga ngati zapsa, onani ngati fetereza kapena ndowe yaiwisi inakhudzana ndi mbeu. Fetereza ayenera kusakanizidwa ndi dothi, ndipo manyowa akhale oola bwino. Mukapeza mphukira yaitali imene yalephera kufika pamwamba, munazamitsa. Kuya kwa masentimita 10 kufikira 15, ndiko kuti ngati cikhato ca munthu wamkuru, nkokwanira. Mukapeza phando lopanda kanthu ndi njira ya pansi pambali pace, mbala ndi mfuko. Ndipo ngati mphukira inaturuka koma yadulidwa pa nthaka penipeni, palasani dothi ndi cala. Mudzapeza mphutsi yotuwa itadzipinda, yomwe ija imadula fodya wongooka kumene.

M'munda wa bambo aja tinafukula mapando khumi. Asanu ndi awiri anali ndi mbatata yolimba monga tsiku limene inabzalidwa, maso ali cigonere. Atatu a kumunsi, kumene madzi anali kuima, anali oola. Nditafunsa, anabvomera kuti wogulitsa anaitama kuti ndi ya m'dimba, yokumbidwa dzulo lace. Mboni yoyamba inalankhula.

2. Mbatata imene inamera koma siinakule

Pano yang'anani kaonekedwe ka munda wonse musanayang'ane tsinde limodzi. Ngati munda wonse uli wotumbuluka ndi wopinimbira mofanana, bvuto liri m'nthaka: njala, kapena dothi louma gwa losagaulidwa bwino. Ngati mitengo yace iri yaitali, yoonda, yogwa yokha, bvuto ndi mthunzi. Mbatata ifuna dzuwa, ndipo pansi pa mango kapena pakati pa cimanga cacitali siipindula.

Koma ngati tsinde lina liri bwino ndipo linzace pambali pomwepo liri lalifupi, masamba ali okwinyika, amawangamawanga, kapena opindikira m'mwamba ngati supuni ndi ouma ngati pepala, bvuto linadza ndi mbeu. Awa ndi matenda a tizirombo tating'ono koposa timene timati vairasi. Timayenda ndi nsabwe zoyamwa masamba, zonga zimene muziona pa fodya, ndipo tikalowa m'tsinde timatsikira m'mbatata yace. Mukabzala mbatata imeneyo caka camawa matenda amera nayo pamodzi. Palibe mankhwala opopera amene angacize tsinde lotere.

Apa pali kulakwa kumene ambiri a ife ticita osadziwa. Pokolola timagulitsa yaikuru, timadya yapakati, ndipo tating'ono totsala pansi pa mulu ndito timasunga kuti tikhale mbeu. Koma ganizani: kodi tating'onoto tinacokera ku tsinde liti? Tambiri tinacokera ku tsinde lodwala, limene linalephera kubereka yaikuru. Motero caka ndi caka tisankha matenda ndi manja athu, ndipo pomaliza tinena kuti mtundu watha mphamvu. Ndani wa inu amasunga citsononkho cofumbwa kuti cikhale mbeu ya cimanga? Citani cotere: mbatata iri pafupi kucita maluwa, yendani m'munda ndi timitengo, muzike kamtengo pa tsinde liri lonse lamphamvu, la masamba osalala, limene anzace oyandikana nalo alinso bwino. Pambuyo pace bwerezani, muzule kamtengo pa tsinde limene layamba kudwala. Pokolola yambani kukumba a timitengo, ndipo mbeu musankhe mwa amenewo okha.

Ngati kupinimbira kuli m'zigawozigawo za munda, zulani tsinde limodzi mutsuke mizu. Mukaona timfundo totupa m'mizu, ndi totupatupa ngati ziphuphu pa khungu la mbatata, mdani ndi tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso. Alimi a fodya muwadziwa bwino mabvuto a timeneti, pakuti ndi cifukwa cace timasinthasintha malo a nazale ndi a munda wa fodya. Fodya, mbatata ya kacewere, matimati, tsabola, mabiringanya ndi mnadzi ndi a banja limodzi, ndipo adani ao ambiri ndi amodzi. Kubzala mbatata pa malo a fodya kuli ngati kugoneka mwana pa mphasa ya wodwala nthenda yopatsana.

3. Mbatata imene inafota kapena kupserera

Pali matenda awiri akuru amene ayenera kusiyanitsidwa, cifukwa kacitidwe kace nkosiyana.

Oyamba ndi matenda ofotetsa. Tsinde limafota masana dzuwa likatentha, ngakhale nthaka iri ndi cinyezi ndipo masamba akali obiriwira. Masiku oyamba limatsitsimuka usiku, ndipo nthawi zina nthambi imodzi yokha ndiyo ifota. Pambuyo pace lonse ligwa osadzukanso. Ocititsa ndi tizirombo ta bakiteriya timene timatseka njira za madzi m'kati mwa tsinde, kotero kuti mbeu ifa ndi ludzu itaima pa nthaka yonyowa.

Kayesedwe kace nkosabvuta. Dulani tsinde lofota pafupi ndi nthaka, mulitsuke, ndipo nsonga yodulidwayo muiviike pang'ono m'madzi oyera a m'tambula ya galasi. Gwirani osagwedeza, muyang'ane poyera. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati ndi matenda amenewa, patapita mphindi zowerengeka mudzaona timaulusi toyera ngati mkaka tirikutsika m'madzi kucokera m'tsinde. Dulaninso mbatata yace pakati: mudzaona mzere wofiirira wozungulira m'kati, pafupi ndi khungu, ndipo mukafinya padzaturuka timadontho ngati mafinya. Kawirikawiri dothi limamatirira pa maso a mbatata yotere.

Tinacita zimenezi m'munda uja. Bambo aja anagwira tambula ndi manja ao, ndipo ulusi woyera utayamba kutsika anakhala cete nthawi yaitali. Potsiriza anati, "Fodya wanga wa caka catha, mapesi ena anafota comweci kumunsi kuno. Ndinayesa ciswe." Mboni yaciwiri inalankhula. Ku malo ofunda matenda amenewa amagwira fodya, matimati ndi mbatata, ndipo amakhala m'nthaka zaka zingapo. Amayendanso m'mbeu yooneka yabwino kunja, m'madzi oyenda pakati pa mizere, ndi m'dothi lomatirira ku khasu ndi ku mapazi.

Mankhwala ace palibe. Cimene mungacite ndi kutseka njira zace. Zulani tsinde lodwala pamodzi ndi mbatata yace yonse ndi dothi lozungulira, muike m'thumba kuti lisawazike, mukatenthe kapena kukwirira m'dzenje lakuya kutali ndi munda ndi madzi. Musaponye pa dzala la manyowa. Tsukani khasu ndi mpeni, kapena muziwambe pa moto, musanapite nazo pena. M'munda wotere musasungemo mbeu ngakhale imodzi. Ndipo malowo apume ku banja lonse la fodya zaka 3 kapena 4, kapena kuposa. Mubzalepo cimanga, mapira, mawere kapena udzu wa ziweto, ndi kuzula mbatata iri yonse yomera yokha.

Aciwiri ndi ciwau. Cimeneci cimakonda nyengo yozizira, ya nkhungu ndi ya mvula yamvumbi, monga icitikira m'mapiri m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Cimayamba ndi mawanga akuda ngati onyowa, makamaka kunsonga ndi m'mbali mwa tsamba. Mukatembenuza tsamba mmamawa mame asanaume mudzaona cuku coyera m'mphepete mwa wanga. Cimayenda ndi mphepo ndi mvula, ndipo nyengo ikacikomera munda wonse ukhoza kuda ngati wapsa ndi moto m'sabata limodzi kapena awiri. Masamba akafa msanga mbatata pansi ileka kukula, ndipo ina ioneka yofiirira pansi pa khungu niola m'nyumba.

Musacipeputse ciwau. M'caka ca 1845 cinafika m'dziko la Ireland, kumene anthu osauka anali kudalira mbatata imeneyi monga ife tidalira cimanga. M'zaka zotsatira anthu pafupifupi 1,000,000 anafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oculuka cotero anasamuka m'dziko lao.

Ciwau ciri ndi mankhwala, monga a mancozeb amene ambiri awadziwa ndi dzina la Dithane, koma kumbukirani kuti amenewa ndi cishango. Amachinjiriza tsamba labwino; sadzutsa tsamba lakufa. Poperani nyengo ya mvumbi ikayamba, matenda asanafale, ndipo tsatani muyeso ndi macenjezo olembedwa pa paketi. Musathinanitse mbeu, kuti mphepo ipite ndi kuumitsa masamba. Ciwau cikafika mbatata itakhwima kale, dulani mapesi muwacotse m'munda, ndipo mudikire masabata 2 musanakumbe.

4. Masamba okondwa, pansi popanda kanthu

Ili ndi bvuto lopweteka mtima koposa, cifukwa mlimi akhala wokondwa kufikira tsiku lokumba. Zifukwa zace ziripo zinai.

Coyamba ndi kutentha. Kwao kwa mbatata imeneyi ndi ku mapiri atali a Andes, m'maiko a Peru ndi Bolivia, kumene usiku kuzizira kwambiri. Imaika bwino pamene nthaka iri yozizirira, madigiri 15 kufikira 20. Nthaka ikafika madigiri 30 imangokula masamba, kuika nkuleka. Ndi cifukwa cace imakondwa ku Dedza, kumene kuli pamtunda wa mamita oposa 1,500, ku Bembeke, ku Lizulu, ku Tsangano, ku mapiri a Neno, ku Viphya, ndi tsidya la malire ku Angonia. M'mbali mwa nyanja ndi kucigwa ca Shire, m'nyengo yotentha, mungoononga mbeu. Mbatata ya kholowa ndiyo yoyenera kumeneko. Inu a malo apakati, nthawi yanu yabwino ndi miyezi yozizira, m'dimba lothirira losasunga madzi.

Caciwiri ndi fetereza wa masamba wopitirira muyeso. Yureya, amene pa cimanga timati wobereketsa, akacuruka pa mbatata abereketsa masamba okhaokha, ndipo kuika kucedwa. Comwenso cicitika pa khola lakale la ng'ombe.

Cacitatu ndi kusakwezera. Mbatata ya kacewere siibereka ku mizu ai. Imabereka kunsonga kwa timphanda toyera toturuka pa mbali ya tsinde yokwiririka m'dothi. Kamphanda kotere kakaturukira poyera kasanduka nthambi ya masamba. Tsono mukwezere dothi mbeu ikafika masentimita 15 kufikira 20, mubwerezenso isanacite maluwa. Kukwezera kuchinjirizanso mbatata ku dzuwa, pakuti yoombedwa ndi dzuwa ibiriwira, niwawa, nikhala ndi ululu, yotere isadyedwe. Mizere italikirane masentimita 75 kufikira 90, ndi mapando masentimita 30, ndilo phazi limodzi.

Cacinai ndi madzi ndi nthawi. Mbatata imayamba kuika pa nyengo ya maluwa, ndipo ng'amba ikagwa pamenepo zokolola zicepa kwambiri. Ena akumbanso msanga poona maluwa, napeza tonga mazira a njiwa. Mitundu yambiri ifuna miyezi 3 kapena 4. Dikirani masamba acite cikasu okha, ndipo yesani khungu ndi cala: likasupuka, siinakhwime.

Cigamulo ca mlandu

Titakhala pansi pa mtengo ndinati, "Bambo, mboni zalankhula. Mbeu inali m'tulo, malo anali a fodya wodwala, ndipo kumunsi madzi anaima. Mwa zitatuzi palibe cimene cifuna munthu woyenda usiku." Iwo anaseka pang'ono, koma kuseka kwa munthu wotaya ndalama. Anandiuza kuti anali ataganiza zinthu ziwiri: kukasuma kwa amfumu, ndi kusunga tating'ono totsala kuti abzalenso pomwepo. Zonse ziwiri anazileka. Ndalama za matumba awiri aja sizinabwerere, koma cibale cinatsala, ndipo matenda sanatengedwe kunka ku munda wao wa fodya watsopano. Pa malopo anabzalapo cimanga caka cotsatira.

Zoti mukumbukire

1. Mbatata ikakanika kumbani muone. Yambani msanga, pakuti munda ukauma mboni zonse zifa.
2. Yang'anani ngati bvuto liri m'munda wonse, m'zigawo, kapena pa tsinde limodzilimodzi. Munda wonse unena za nthaka kapena nyengo. Zigawo zinena za madzi kapena matenda a m'nthaka. Tsinde limodzilimodzi linena za mbeu.
3. Musabzale mbatata ya pamsika imene simudziwa munda wace. Bzalani yathunthu, yophuka kale, yocokera ku mapesi amphamvu.
4. Musabzale pa malo amene panali fodya, matimati, tsabola kapena mbatata yomwe m'zaka 3 kapena 4 zapitazo.
5. Tsinde lofota pa nthaka yonyowa liyesedwe m'tambula ya madzi tsiku lomwelo.
6. Ciwau cichingidwe cisanafike.
7. Kwezerani kawiri, ndipo musafulumire kukumba.

Lembani m'kabuku, kapena muuze mwana wa sukulu akulembereni, kumene munagula mbeu, tsiku lobzala, mbeu imene inali pamalopo kale, ndi tsiku limene munayamba kuona bvuto. Ndipo cikakucititsani kakasi, zulani tsinde lonse ndi mizu ndi mbatata yace, mulikulunge bwino, mupite nalo kwa Mlangizi wa dera lanu likali laliwisi. Akuru anati, safunsa anadya phula.